Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Dedza: Tiitanireni Akatswiri a Zisudzo Adzakhale Pansi ndi Alembi Athu

Kwa Bwanamkubwa,
Khonsolo ya Boma la Dedza,
Dedza.

Wolemekezeka Bwanamkubwa,

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera kuno kumapiri, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyang'anira kalabu ya zisudzo ya pasukulupo. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa zimene ndikupempha zikukhudzanso aphunzitsi anzanga, magulu a achinyamata a m'midzi ndi makolo. Ndikufuna iwonso aiwerenge, atsutse pamene ndapotoza ndi kuwonjezera pamene ndaperewera.

Pempho langa nali. Khonsolo ikhazikitse ndondomeko yoti teremu iliyonse tiziitana munthu mmodzi amene ntchito yake ndi zisudzo, kaya ndi mlembi wa masewero, wotsogolera gulu kapena wochita sewero wodziwika, kuti adzakhale pansi masiku awiri ndi achinyamata amene akufuna kukhala alembi a masewero. Asabwere kudzatsegulira mwambo ayi. Abwere kudzawerenga zimene anawo alemba, kudzawauza chilungamo, ndi kudzawafotokozera momwe ntchitoyi imayendera kwa munthu amene amadalira yomweyo kuti agule ufa ndi sopo.

Inu nomwe ndinu mboni kuti boma lino silisowa azisudzo. Mwambo uliwonse waukulu sutha popanda sewero. Pa 1 Disembala pokumbukira za Edzi, pa 16 Juni pa tsiku la mwana wa mu Africa, potsegulira nyengo yobzala mitengo, pologalamu imakhala yodziwikiratu: pemphero, magule, sewero, kenako mawu a mlendo wolemekezeka. Kaya ndi ku Mayani, ku Lobi, ku Linthipe kapena ku Mtakataka, mudzapeza anyamata ndi atsikana akuseketsa khamu la anthu mpaka amayi kugwira nthiti. Mawu ali nawo, manyazi alibe, ndipo bwalo amadziwa kulidzaza.

Koma mukaonera masewero asanu motsatizana, mudzazindikira kuti mwaonera sewero limodzi. Pamakhala bambo woledzera wovala jekete long'ambika, mimba yake yopakira nsanza. Pamakhala mayi wolongolola. Pamakhala mtsikana amene wanyengedwa ndi wamalonda wa pamsika. Kumapeto amatulukira amfumu kapena alangizi a zaumoyo, n'kuima pakati pa bwalo kufotokoza phunziro lonse mwatsatanetsatane, ngati kuti anthu oonerera aja analibe maso. Mutu ukachoka pa Edzi n'kupita pa kolera, chimasintha ndi mawu a alangizi aja basi. Bambo woledzera ndi jekete lake amakhala yemweyo.

Sindikuwanyoza anawa. Akuchita zimene adaona, ndipo amene adawaonerawo adatengeranso kwa ena. Mlimi aliyense wa kachewere ku Bembeke amadziwa zimene zimachitika ukamabzala mbewu yobwereza chaka ndi chaka: masamba amabiriwira ndithu, koma pokumba umangotola timbatata ting'onoting'ono. Munda ulibe mlandu, khasu lilibe mlandu. Pamafunika mbewu yatsopano yochokera kwina. Masewero athu afika pamenepo. Ochita tili nawo ochuluka. Amene akutisowa ndi alembi.

Ndikupatseni chitsanzo. Mtsikana wina wa Fomu 3 adandibweretsera kope momwe adalembamo sewero lake, mayina a atengambali ndi cholembera chofiira, zoyankhula zawo ndi chabuluu. Nkhani yake inali ya mayi wamasiye amene akugulitsa mbatata kwa venda wobwera ndi lole kuchokera m'tauni. Vendayo akufuna thumba losokerera pamwamba mpaka kuoneka ngati matumba awiri, koma pa mtengo wa thumba limodzi. Mayiyo akufuna ndalama ya fizi ya mwana wake Lolemba lisanafike, ndipo vendayo akudziwa. Amayamba ndi kuyamikira mbatata, kenako amatola imodzi, n'kuikanda ndi chikhadabo, n'kunena kuti yayamba kuola. Amayang'ana foni. Amauza dalaivala kuti alize injini. Poyamba mayiyo amamutchula kuti achimwene. Pofika kumapeto kwa tsamba lachiwiri akumutchula kuti bambo inu. Nditawerenga masamba awiriwo ndidaima kaye, chifukwa ndidaona kuti mwanayu ali ndi khutu la mlembi.

Tsamba lachitatu adalowetsa mlangizi wa zaulimi. Mlangiziyo adayankhula masamba awiri athunthu za ubwino wa kopaletivu, venda adapepesa, mayi adathokoza, onse adaomba m'manja, sewero n'kutha. Nditamufunsa chifukwa chake, adandiyang'ana modabwa: "Nanga sewero lingathe popanda uphungu, aphunzitsi?" Ndidamuuza kuti lingathe. Koma kumuonetsa momwe angalimalizire, pamene angadule, chimene mayi uja angachite ndi manja ake kuti anthu amvetse popanda wowalalikira, apo m'pamene nzeru zanga zidalekezera. Ine adandiphunzitsa kusanthula sewero lolembedwa kale kuti ana akhoze mayeso. Sindidalembepo sewero loti anthu alipire pakhomo kuti adzalione, ndipo aphunzitsi anzanga ambiri oyang'anira makalabu ali ngati ine.

Mukayang'ana mbiri ya zisudzo m'dziko muno, mupeza kuti luso limeneli lakhala likuyenda kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu, pakamwa ndi pakhutu. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayambitsa Writers Group, pomwe anthu ngati Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande ankakumana kuwerengerana zolemba ndi kudzudzulana mosapsatira. Gulu la Travelling Theatre la pakoleji yomweyo linkanyamula masewero kupita nawo m'masukulu ndi m'matauni, ndipo pambuyo pake, motsogozedwa ndi anthu ngati David Kerr ndi Chris Kamlongera, lidayamba kuchita masewero a m'Chichewa m'midzi. Buku la Nine Malawian Plays, limene James Gibbs adasonkhanitsa mu 1976, lidatuluka m'nyengo imeneyo. Steve Chimombo adasindikiza The Rainmaker mu 1978, sewero lochokera pa mbiri ya M'bona. Onsewa adali ndi owawerengera ndi owatsutsa pafupi.

Mpikisano wa masewero a m'sekondale wa ATEM, umene udayamba mu 1969, ndiwo udatulutsa Du Chisiza Jnr. Sewero lake la The Deceased's Attack lidapambana mu 1982 iye ali mwana wa sukulu ku HHI mumzinda wa Blantyre. Atabwerako kumaphunziro ku America adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, gulu loyamba m'dziko muno limene anthu ake ankachita zisudzo ngati ntchito. Gertrude Kamkwatira adakulira m'gulu limenelo. Du atamwalira adalitsogolera, kenako adayambitsa lake la Wanna Do, ndipo adalemba masewero akeake. Kumbali ya Chichewa, gulu la Kwathu lidadzaza maholo kwa zaka zambiri, ndipo palibe wamkulu m'boma lino amene sadziwa Izeki ndi Jakobo. Pawailesi tidakula ndi Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale. Kenako kudabwera Zimachitika ya a Story Workshop ndi Tikuferanji.

Tsopano onani kumene zonsezi zidayambira: Zomba, Blantyre, Lilongwe. Mwana wa ku Blantyre amene ali ndi chidwi amatha kupita kumene gulu likuyeserera sewero, n'kukhala pakona kuonerera, n'kutumidwa kukagula madzi, mpaka tsiku lina kupatsidwa kagawo kakang'ono. Mwana wa ku Chafumbwa kapena kwa Tambala mwayi umenewo alibe. Mlembi wa masewero amangomumva dzina kumapeto kwa pologalamu ya pawailesi. Sadamuonepo akufufuta mzere, sadamumvepo akukangana ndi wochita sewero pa liwu limodzi, motero amaganiza kuti sewero limangotsika lathunthu m'mutu mwa munthu wodalitsika.

Ndipo nthawi sikutidikira. Du Chisiza adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira adatsatira mu 2006, Steve Chimombo mu 2015, John Nyanga, Izeki uja, mu 2016, ndi Eric Mabedi, Jakobo, mu 2021. Masewero ambiri amene adachitidwa m'maholo a dziko lino sadasindikizidwe m'mabuku. Nzeru za momwe ankawalembera zidatsala m'mitu ya amene adagwira nawo ntchito. Mwamwayi ambiri mwa iwo alipobe, ndipo mbadwo wina ukugwira ntchito lero m'magulu ngati Kwathu ndi Solomonic Peacocks, komanso ku University of Malawi kumene kuli alembi ngati Smith Likongwe. Chowawa n'choti anthu amenewa amadutsa m'boma lathu kawirikawiri. Msewu wa M1 wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe umadula Dedza pakati. Amaima pa Bembeke kugula kabichi ndi mbatata, amaima pa Chimbiya, n'kupitiriza ulendo. Kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 okha. Sitikupempha kuti muitane munthu wa kutsidya kwa nyanja. Tikupempha kuti amene amadutsa kale pakhomo pathu tiwaimitse, alowe m'nyumba.

Mwina mungafunse kuti mlendoyo adzanena chiyani chimene sichili m'mabuku. Adzanena zambiri, ndipo zambirizo ndi zazing'onozing'ono. Adzatenga kope la mtsikana uja, n'kuimiritsa anzake awiri kuti awerenge mokweza, mlembi atakhala chete kumvetsera. Pamene lilime la wowerenga lapunthwa, mzerewo ndi wolakwika. Pamene omvera ayamba kusuzumira pawindo, gawolo latalika. Adzafunsa mafunso amene ife sitifunsa: munthu uyu walowa m'bwalo, akufuna chiyani? Akumuletsa ndani? Akalephera ataya chiyani? Adzaonetsa kuti venda uja akakhala woipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi anthu satekeseka, koma akadziwa kuti nayenso ali ndi ngongole ya lole yoti abweze madzulo omwewo, m'pamene mitima imagawanika, ndipo pobwerera kunyumba anthu amakangana m'njira.

Adzanenanso zinthu zimene munthu amazidziwa pokhapokha atapsa nazo. Ukalemba sewero la anthu khumi ndi asanu, walembanso mtengo wa minibasi yonse ndi mbale khumi ndi zisanu za nsima. Holo ya malata ikagundidwa ndi mvula ya mu Januwale, mawu onong'ona aja amene unkawanyadira palibe amene awamve. Kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi kumathamangitsa anthu dzuwa likangopendeka, ndiye sewero la pabwalo lisapitirire muyeso. Kulembera wailesi n'kosiyana ndi kulembera siteji, chifukwa womvera saona kuti walowa ndani. Adzafotokoza za mtengo wa holo, za kulengeza sewero, za kugawana ndalama za pakhomo popanda kudana, za zilolezo zimene malamulo a dziko amafuna pa zoonetsa anthu, za kuteteza umwini wa zolemba kudzera ku bungwe la COSOMA, ndi zoyenera kuyang'ana pa pepala la mgwirizano bungwe likakupempha kuti ulilembere sewero. Adzanenanso zoona zake za umphawi wa ntchitoyi, kuti mwana asankhe akudziwa. Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Nkhani zoti alembiwa alembe sitikusowa. Anthu a kuno adakulira pabwalo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005, adaphunzitsa maso athu kalekale kudziwa kalowedwe kabwino, nthawi yoyenera kuseka, ndi momwe ungadzudzulire wamkulu popanda kumutchula dzina. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene adalowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zina zofiira za Akafula, zina zoyera za Achewa zokhudza miyambo yathu. Sindikunena kuti ana atulutse za kudambwe kapena za kutsimba n'kuziika pa siteji. Pamenepo pali malire, ndipo ndi bwino kuti pa zokambirana zotere pazikhalanso mkulu wa mwambo wowaonetsa polekezera. Ndikunena kuti mwana wobadwira pakati pa chuma chotere sayenera kumangokopera zimene waona pa kanema wa ku Nigeria.

Taganizirani mbiri ya Angoni a kwa Maseko, mkangano wa pachibale wa Chikuse ndi Chifisi umene udapitirira mpaka kwa ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, n'kutsitsira anthu a Kachindamoto ku Mtakataka. Taganizirani kufika kwa ansembe a White Fathers ku Mua mu 1902, ndi zimene zinkayankhulidwa m'midzi usiku umenewo. Taganizirani agogo athu amene adapita ku Wenela, ndi zidzukulu zawo zimene lero zimakwera basi pa chipata cha Dedza kulowera ku Joni, kusiya akazi akudikira foni. Taganizirani abale athu a ku Angonia amene adathawira kuno pa nkhondo ya ku Mozambique mpaka mtendere utabwera mu 1992, ena n'kukwatirana ndi eni mudzi, malire n'kudutsa pakati pa banja. Dziko lonse lidamva za Inkosi Theresa Kachindamoto ndi maukwati mazanamazana a ana amene adawathetsa. Masewero ambiri achitidwa pa nkhaniyi, ndipo onse amathera pa kuomba m'manja. Koma ndani adzalembe za mayi amene adalandira ndalama kwa mkamwini, n'kugulira feteleza, feteleza n'kuthira kumunda, ndipo lero akuuzidwa kuti mwana abwerere kusukulu? Sewero limenelo lingathandize kuthetsa maukwati a ana kuposa ulaliki, chifukwa likukhudza pamene pali bala penipeni. Kuti lilembedwe pafunika mlembi wosulidwa.

Boma lino lidaonapo kale zimene zimachitika waluso akakhala pansi ndi achinyamata. Mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni ku Mua, n'kuyamba kugwira ntchito ndi osema a m'midzi yozungulira. Lero zosema za ku Mua zili m'matchalitchi ndi m'nyumba zosungiramo zaluso kunja kwa dziko lino, ndipo mabanja ambiri adya ndi sompho. Ku Dedza Pottery nakonso anthu adaphunzira kuumba ndi kujambula ataima pambali pa wodziwa. Kunja nakonso zili chimodzimodzi. Ku Port Elizabeth ku South Africa, gulu la Serpent Players lidali la anthu wamba, aphunzitsi, makalaliki ndi ogwira ntchito m'mafakitale, amene ankakumana ataweruka kuntchito pamodzi ndi mlembi Athol Fugard. John Kani ankagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ya Ford. Iye, Winston Ntshona ndi Fugard adapanga limodzi Sizwe Banzi Is Dead mu 1972, ndipo mu 1975 Kani ndi Ntshona adalandira mphotho ya Tony ku New York. Fugard adabweretsa luso la kamangidwe ka sewero. Anzakewo adabweretsa moyo umene iye sakadaudziwa. Mlendo wathu nayenso sadzabwerera chimanjamanja.

Tsono ndondomekoyi iyende motani? Ndili ndi maganizo angapo, ndipo ena angawakonze.

Choyamba, ichitike katatu pa chaka, kamodzi teremu iliyonse, Lachisanu ndi Loweruka, ndipo izizungulira. Ulendo uno pa boma, wotsatira ku Mayani, wina ku Lobi kapena ku Thete, wina kumunsi ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Malo alipo kale: malo osuliramo aphunzitsi (ma TDC), maholo a masukulu ndi a mipingo. Hotela siyikufunika.

Chachiwiri, wolowa alowe ndi zolemba zake. Asasankhidwe chifukwa ndi wapampando wa kalabu kapena ndi mwana wa mfumu. Aliyense wofuna atumize masamba osachepera asanu a sewero lake, olembedwa pamanja kapena pa foni, kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lake kapena ku ofesi ya achinyamata. Asankhidwe anthu osapitirira makumi awiri, theka akhale atsikana, ndipo malo ena asungidwire achinyamata amene sali pasukulu, chifukwa magulu ambiri a m'midzi ndi awo. Zolembazo mlendo azilandire kudakali masabata awiri, kuti pofika akhale atawerenga ndipo akudziwa kuti sewero la mbatata lija ndi la ndani.

Chachitatu, chiyankhulo chikhale cha mlembi. Wolemba m'Chichewa alembe m'Chichewa, wa kwa Tambala wofuna kuikamo Chiyao aikemo, wokonzekera mpikisano wa Chingerezi alembe m'Chingerezi. Ana athu ambiri amaganiza kuti sewero lolemekezeka ndi la Chingerezi ndipo la Chichewa ndi longoseketsa. Atamva munthu wodziwika akusanthula mzere wa Chichewa mwakuya, maganizo amenewo angathe.

Chachinayi, pasakhale mwambo wotsegulira. Tonse timadziwa momwe zimathera: mlendo wolemekezeka amafika masana, mawu amatsatizana, nthawi ya ntchito n'kutsala ola limodzi. Pasakhalenso alawansi ya ophunzira. Apatsidwe ya thiransipoti, nsima, mapepala ndi pogona kwa ochokera kutali. Pakangolowa envulopu, malo adzadzaza ndi anthu amene sadalembepo chilichonse. Koma mlendo yekhayo alipidwe mokwanira ndi pa nthawi yake. Sitingauze ana kuti kulemba ndi ntchito uku tikupempha mlembi kuti agwire ulere.

Chachisanu, ana atetezedwe. Zonse zichitike masana, pagulu, pali mphunzitsi wamkazi, ndipo mlendo asatenge nambala ya foni ya wophunzira aliyense. Zokambirana zopitirira zidzere kwa aphunzitsi. Alendo nawonso asamakhale amuna okhaokha. Mtsikana akaona mayi amene adalemba ndi kutsogolera sewero lake, amakhulupirira msanga kuposa atangouzidwa kuti n'zotheka.

Chachisanu ndi chimodzi, zimene zanenedwa zisathere m'chipindamo. Zokambirana zijambulidwe, mwini atavomera, ndipo wailesi ya m'dera ngati Bembeke FM ipemphedwe kuziulutsa. Masewero okonzedwa atayipidwe, kope limodzi lisungidwe ku TDC, dzina la mlembi lili pamwamba. Kumapeto kwa chaka masewero atatu kapena anayi abwino koposa achitidwe pamaso pa anthu, mmodzi mwa alendo aja alipo. Posankha alendo, kakomiti ka aphunzitsi, oimira magulu a achinyamata ndi ofesi zanu kagwirizane ndi bungwe la azisudzo la National Theatre Association of Malawi, ndipo mitundu ya zipani isalowemo.

Ndikudziwa yankho loyamba limene lingabwere m'chipinda cha khonsolo: ndalama kulibe. M'zipatala mankhwala akuperewera, milatho ikufuna kukonzedwa, ana ena akuphunzirira pansi pa mtengo, ndiye wina abwere ndi nkhani ya masewero? Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindikulipeputsa. Koma tiwerengere. Zofunika ndi ulendo wa munthu mmodzi, malo ake ogona, malipiro ake, chakudya ndi thiransipoti ya achinyamata makumi awiri, ndi mapepala. Maulendo atatu onsewo pa chaka sangafike pa ndalama zimene zimathera pa msonkhano umodzi wa masiku angapo ku hotela ya kunyanja. Gawo lina lingachokere ku bajeti ya achinyamata ndi ya maphunziro, lina ku thumba la CDF ngati oyendetsa thumbalo atavomera. Ndipo pali ena amene akuyenera kusonkhapo. Mabungwe ambiri amene amabwera ku komiti ya DEC kudzafotokoza ntchito zawo amagwiritsa ntchito magulu a zisudzo pofalitsa uthenga. Amapeza gulu, amalipatsa mfundo zisanu papepala, malaya olembedwa dzina la bungwe ndi kangachepe, n'kuuza ana kuti pofika Lachinayi sewero likhale litapsa. Akolola kwa zaka zambiri m'munda umenewu. Si kulakwa kuwapempha kuti athandize kuulimira.

Yankho lachiwiri lingakhale loti iyi ndi ntchito ya unduna ku Lilongwe. Unduna uli ndi mbali yake, koma zochitika zake zambiri zimathera m'mizinda. Kuyambira 1998, pamene dziko lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, takhala tikuuzidwa kuti chitukuko chizikonzedwa ndi eni dera. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza, ndipo m'dziko muno pafupifupi theka la anthu ndi osakwana zaka 18. Pa khamu lonselo, kunena kuti palibe makumi awiri oyenera kusulidwa pa luso lolemba ndi kudzinyoza tokha.

Ena adzati zisudzo ndi zachibwana, mwana alimbikire masamu ndi sayansi. Alimbikire ndithu. Koma mwana amene walemba sewero, n'kulimva likuwerengedwa, n'kulilembanso kachiwiri ndi kachitatu, waphunzira kumvetsera, kusanja mfundo ndi kulandira chidzudzulo popanda kukwiya. Pa mayeso a MSCE amakumana ndi masewero, a Chichewa ndi a William Shakespeare omwe, ndipo amene adayesapo kumanga lake amawamvetsa msanga. Si onse adzakhale alembi a masewero. Ena adzalembera mawailesi ndi makanema, ena adzakhala atolankhani, aphunzitsi, maloya, abusa. Ndipo khonsolo yomweyi idzapindula. Tsiku limene mudzafune kuti anthu amve za kolera, za nkhalango ya Dedza imene ikutha ndi makala, kapena za misonkho ya pamsika, mudzakhala ndi anthu odziwa kulemba nkhani yoti womvera apite nayo kunyumba.

Choncho, Bwanamkubwa, ndikupempha zinthu zitatu. Nkhaniyi muipereke ku komiti ya khonsolo yoona za maphunziro ndi achinyamata pa msonkhano wake wotsatira. Muuze ofesi ya maphunziro ndi ya achinyamata kuti ziitane aphunzitsi oyang'anira makalabu ndi atsogoleri a magulu a m'midzi, tidzakonze limodzi ndondomekoyi ndi mtengo wake weniweni. Ndipo pokonza bajeti ya chaka cha zachuma choyamba pa 1 Epulo, muikemo mzere wake, ngakhale wa ulendo umodzi wokha woyesera. Ukatha ulendo umenewo mudzatiweruze ndi masewero amene atulukemo.

Ifenso sitibwera manja ali m'thumba. Pasukulu pathu kalasi ilipo, mabenchi alipo, nkhuni tidzatola, ndipo makolo a komiti ndi okonzeka kuphika. Aphunzitsi anzanga a m'masukulu oyandikana nafe akudikira kumva yankho lanu, kuti tiuze ana ayambe kulemba masamba asanu aja.

Ine wanu pa ntchito yotumikira ana a boma lino,

Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zisudzo,
Dedza.